Hamala ya M'munsi mwa Soche

Mafoniwo aikeni kaye m'thumba. Eya, nawenso wakhala kumapetoko, ndakuona. Nkhani iyi sindifuna kuti wina aijambule, ndipo ikamatha simundifunsanso chifukwa chake.

Mu Blantyre muno munali achinyamata atatu amene anthu anawapatsa dzina loti Otola Phokoso. Linayamba ngati chipongwe, eni ake n'kulikonda. Anzawo oimba akamalimbana ndi magitala, iwowa ankangoyendayenda m'makwalala ndi kamakina kojambulira mawu, maikolofoni ataiveka kachipewa ka ubweya, n'kumatchera khutu ku zinthu zimene ine ndi inu timangozidutsa: chigayo chikamadzuka m'mawa, mafuta akamalira pa chiwaya, makina a telala, oitanira minibasi pa Wenela. Akatola zimenezo ankakazilumikiza pa laputopu, kudula apa, kubwereza apo, mpaka phokoso lija n'kusanduka nyimbo. Nyimbo yake yosavinika, musaganize za ku ukwati. Koma ukaimva unkangoti duu, chifukwa unkamvamo tauni yako yomwe.

Wa laputopu anali Asiyatu, mwana wa mabwana a ku Nyambadwe, ndipo ntchito yonse ankagwirira m'boyizi kota ya kwawo. Wachiwiri anali Jailosi wa ku Ndirande, wokonza mawailesi, munthu woti pakamwa pake sipatera ntchentche. Wachitatu, mwini nkhani yathuyi, anali Dziwani. Iyeyu ndiye ankagwira maikolofoni, chifukwa khutu lake linali lakuthwa kuposa onse.

Anali ndi malamulo awiri, ndipo ankawasunga ngati a kutchalitchi. Loyamba linali lakuti phokoso lili ndi mwini wake. Usanajambule, upemphe, ndipo pa tsiku loimbira anthu, amene unajambulawe uimirire n'kutchula dzina la mwini phokosolo, anthu amuwombere m'manja. Lachiwiri linali lakuti chimene mnzako waika m'nyimbo, iwe usachotse.

Tsono Dziwani anali ndi kabodza kake. Tsiku loyamba kulowa pa geti ya ku Nyambadwe, ataona kapinga wothirira ndi agalu odya m'mbale, anafunsidwa za kwawo. Pakamwa panangotuluka kuti mayi ake ndi namwino wopuma pa ntchito, ali ku Zomba. Bodza limeneli analilera ngati mwana, chaka n'chaka likukula. Chikhalirenicho mayi ake anali mu Blantyre momwemo, m'munsi mwa phiri la Soche, akuswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu. Hamala yawoyo ndi imene inamuphunzitsa sukulu. Ndipo mayiwo analibe moni wina kwa mwana wawo. Kaya achokere kusukulu, kaya asowe miyezi, akangotulukira, mawu awo oyamba anali amodzi: “Wadya?”

Dzina lawo sindikuuzani pano. Si ine woyenera kuyamba kulitchula.

Tsiku lina m'chilimwe, Asiyatu anavula mahedifoni n'kuwaponya pa tebulo.

“Nyimboyi ilibe msana,” anatero. “Zonse zikungoyandama. Pakufunika chinthu cholemera, chogunda pansi.”

“Ndiye tipite kwa oswa miyala,” anatero Jailosi. “Ku Soche uko. Azimayi aja amamenya ngati ali ndi wotchi m'mikono.”

Dziwani anayesa kunena kuti n'kutali, kuti fumbi liwononga makina, kuti ku Njuli kuli miyala yolira bwino. Anzake anangomuseka. Anakwera galimoto ya bambo ake a Asiyatu, iye atakhala kumbuyo, akupemphera chamumtima kuti mayi ake akhale kuti lero sanapite ku ntchito. Taonani pemphero lake mwana ameneyu.

Anafika dzuwa likuswa mtengo. Azimayi anali ndandanda m'mbali mwa msewu, aliyense pa mulu wake, mithunzi yawo ya masaka. Mahamala ankalira ponseponse, koma imodzi inali ndi kaliridwe kakekake: kho, kho, tswa! Kawiri kunyengerera mwala, kachitatu kuuswa. Dziwani anaizindikira asanatsike n'komwe. Anakulira kumbuyo kwa hamala imeneyo, ankagona nayo tulo ali kumsana.

“Imeneyo!” anatero Asiyatu. “Mwaimva? Tiyeni kwa mayi awo.”

Anali mayi wochepa thupi, duku kumutu, zala atazikulunga nsanza, fumbi mpaka m'zikope. Atamva mapazi anadzutsa mutu. Nkhope yawo inawala, abale inu, inawala! Pakamwa panayamba kutseguka. Koma Dziwani anawapambana liwiro. Anakokera chipewa kumaso, ali chiimire, osagwada, osanjuta n'komwe.

“Mwaswera bwanji, mayi? Ife ndife oimba, tachokera m'tauni. Timapempha ngati mungatilole kuti tijambule kulira kwa hamala yanu.”

Mayi aja anamuyang'ana. Anayang'ana nsapato zoyera za Asiyatu, anayang'ana galimoto, n'kubwereranso kwa iye. Pakamwa paja panatsekeka pang'onopang'ono.

“Ndaswera bwino, kaya inu, bambo,” anatero. “Jambulani.”

Bambo! Mwana amene anamuchapira matewera. Ine mpaka lero ndikafika pamenepa ndimafuna kulavula.

Dziwani ananjuta tsopano, osati mwaulemu ayi, koma kuti maikolofoni ifike pafupi ndi mwala. M'mahedifoni ankamva zonse: hamala, timiyala tikugwa pa mulu, ndi mpweya wa mayi ake ukulira ngati kalikhweru m'chifuwa. Kho, kho, tswa. Kho, kho, tswa. Kenaka, mwadzidzidzi, hamala inaima. Mayi aja anaigoneka pa bondo n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso. Unali mpata waufupi, wongokwana kuti munthu anene liwu limodzi. Dziwani anayang'anitsitsa timagetsi ta pa makina ngati timuuza zam'tsogolo. Mayi aja anapuma mozama, n'kunyamulanso hamala.

Atamaliza, Asiyatu anawerama pang'ono.

“Zikomo kwambiri, mayi. Dzina lanu ndani? Ndi lamulo lathu, timatchula mwini wake.”

“Dzina langa mukalitani, mwana wanga? Ine ndine woswa miyala basi.” Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Chitawasiya anati, “Tsiku lakelo likadzafika, lidzapezeka.”

M'galimoto Jailosi anacheuka. “Amwene, bwanji thukuta chonchi? Ngati miyala ija mumaswa ndinu?”

Dziwani anaseka nawo. Mumtima anati Loweruka apita yekha, atenge shuga ndi sopo, akagwade. Loweruka linafika, anati linalo. Manyazi ndi otero, ukachedwa nawo amabereka ena. Mwezi usanathe, foni inalira. Anali mlongo wake Msatida.

“Achimwene, amayi atisiya. Chifuwa chija.”

Mukuganiza kuti anawauza anzake? Aaa! Anati wapeza ganyu yojambula ukwati ku Lilongwe.

Maliro anakaikidwa kumudzi, ku Chiradzulu. Pochokera kumanda Msatida anamukokera kuseri kwa nkhokwe. Dziwani anakonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ankakufuna kutukwanidwako. Koma Msatida anangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

“Tsiku lija munapita kumiyala, anabwera akusekerera. Akuti, ndamuona mchimwene wako, wanenepa, akuyenda pa galimoto ndi anzake aulemu. Akuti hamala yanga imveka pa wailesi.”

“Sananene china?”

“Ayi. Chinanso chiyani? Koma achimwene, hamala yawo mwaionako? Tasanthula nyumba yonse. Kumiyala kulibenso. Anzawo akuti tsiku lomaliza anapita nayo kunyumba.”

M'mawa mwake kunali kumeta. Dziwani anaganiza za mutu wa mpala, anaganiza za pakamwa pa Jailosi: ukwati wanji umenewo wometa ojambula? Kusanache bwino anazemba, n'kukwera kabaza mpaka pamsewu. Anthu akusonkhana ndi lumo, mwana wamwamuna yekhayo wa malemu anali mu minibasi ya ku Limbe.

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chokha chinaimba, ndipo chinayamba motsitsa.

Choyamba kanali kamwala m'nsapato. Dziwani anavula, n'kukutumula, n'kuvalanso. Pofika pa siteji ya minibasi kanalimonso. Mawa lake anapisa dzanja m'thumba la buluku lochapa kumene, n'kupezamo timiyala ta kwale, toswedwa bwino, tofanana kukula. Anatitaya mu ngalande, osauza munthu.

Kenaka pakhomo pa boyizi kota paja panapezeka kamulu. Kakang'ono, kokwana m'manja awiri, koma kounjikidwa mwaluso, kosongoka pamwamba, mmene amaunjikira ogulitsa. Jailosi anakamwaza ndi phazi.

“Ana a kwa aneba awa ayamba bizinesi,” anatero.

“Kwa aneba kulibe ana,” anatero Asiyatu. “Ndipo agalu athu salola munthu kulowa.”

Agaluwo masiku amenewo anali atasiya kufika kuseriko. Ankaima pa kona ya nyumba yaikulu, michira ili pakati pa miyendo, n'kumangoyang'ana. Mawa lake kamulu kaja kanalipo, katakulirapo pang'ono.

Nyimbo yokha inkapita bwino. Hamala inakhaladi msana wake. Jailosi anaika chigayo pamwamba pake, Asiyatu anaika makina a telala ndi oitanira minibasi, zonse zikuyenda pa kho, kho, tswa. Ndipo mpata uja, pamene mayi aja anaima, Asiyatu anakana kuudula.

“Pamenepa ndiye pali mtima wa nyimbo,” anatero. “Ukumva? Ngati akudikira chinachake.”

Masana ena akumvetsera, Asiyatu anakwinya nkhope.

“Ndani watalikitsa mpatawu?”

Panalibe amene anaukhudza. Anayang'ana pa laputopu: kampata kaja kanali kafupi monga kale, kosakwana chala. Anabwereza. Hamala inaima, ndipo anadikira, kudikira, mpaka Jailosi anakanda m'mutu. Chinanso, chigayo ndi makina a telala, zimene zinayenera kumalirabe pamwamba, nazonso zinati zii, ngati ana akalowa mphunzitsi. Hamala itayambanso, zonse zinayambira pamodzi.

“Ndi vairasi,” anatero Jailosi, koma sanaseke.

Tsiku lililonse mpata uja unkakula. Anzake ankayang'ana pa laputopu, Dziwani ankayang'ana pansi. Iye yekha ankadziwa chimene chikudikiridwa.

Tsiku lina anzake atapita kukagula tchipisi, anaswa lamulo lachiwiri. Anakhala pa mpando wa Asiyatu, n'kufufuta hamala yonse m'nyimbomo. Anati adzanamizira vairasi yomweyo. Kuti atsimikize, anaiyambitsa nyimbo. Chigayo chinalira, telala anasoka, hamala kulibe. Anapumira m'mwamba.

Kho, kho, tswa.

Sizinachokere m'masipika. Zinachokera kuseri kwa khoma, pansi pa zenera, pamene panali maluwa a mayi ake a Asiyatu. Zinkagwa ndendende pa malo ake m'nyimbomo, osaphonya. Kunja dzuwa linali phwee, mbalame zikulira, koma Dziwani tsemwe linamugwira thupi lonse. Zenera linali pafupi, katani yopyapyala. Akanangotambasula dzanja. Sanatambasule. Ndipo pofika pa mpata paja, kunjako kunati zii, n'kumveka kalikhweru kaja ka m'chifuwa, kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka.

Anaibwezera hamala m'nyimbo. Kunja kunaleka. Anzake pobwera anamupeza atakhala pansi, ndipo tchipisi chake anadya ndi Jailosi.

Tsiku loimbira anthu litayandikira, anayamba kuitana eni maphokoso: wa chigayo, telala, anyamata a pa Wenela, mayi wa chiwaya. Asiyatu anati apitenso ku Soche, akaitane mayi aja, akamvenso dzina lawo. Dziwani anadwala malungo a bodza, n'kugona pa mkeka wa m'boyizi kota atafunda kumutu. Ankadziwa kuti akapeza malo opanda munthu, azimayi ena awauza zonse, ndipo bodza lake lithera pomwepo. Mwina pansi pa mtima ankafuna zitero, kuti wina amunenere.

Anzake anabwerako dzuwa litapendeka.

“Tawapeza!” anatero Asiyatu akulowa. “Akuti abwera.”

Dziwani anavundukula kumutu pang'onopang'ono.

“Mwapeza ndani?”

“Mayi aja, nanga ndani? Pamalo pomwe paja. Anzawo onse anali ataweruka, atatsala okha.”

“Munawaona nkhope?”

“Anatifulatira. Tinapereka moni, anayankha, koma osacheuka. Ndinati, mayi, tikusungirani mpando kutsogolo. Akuti zikomo mwana wanga, ndifika.”

“Nanga dzina?”

“Akuti dzina lawo analisungitsa kwa munthu, alitchula yekha. Ine sindinamve kuti akutanthauza chiyani. Agogo a masiku ano!”

Jailosi nthawi yonseyi anali chete, zimene sizinachitikepo chibadwire. Asiyatu atatuluka kukatenga madzi, anakhala pa mkeka pafupi ndi Dziwani n'kutsitsa mawu.

“Amwene, ine kumene kuja sindibwererako. Hamala ndimaiona ikukwera, ikutsika, mwala ukusweka. Koma kulira kwake sindinakumve. Ngati kuti kulirako kuli kwina. Ndipo fumbi lonse lija, pansi panali mapazi athu okha.”

Apa ndiye panali poti munthu alankhule. Mnzake wamutsegulira chitseko chonse. Dziwani anatsegula pakamwa, n'kuona m'maganizo nkhope ya Asiyatu, geti ija, kapinga uja.

“Ndi dzuwa limenelo,” anatero. “Unatopa.”

Atatuwo anabwereka chinyumba chakale chosungiramo katundu ku Limbe, cha malata, chachitseko chachikulu cholowera malole. Anthu anabwera ndithu: ophunzira a ku koleji, oimba anzawo, azungu angapo, makolo a Asiyatu, ndi eni maphokoso atavala za ku tchalitchi. Kutsogolo kunali mpando umodzi wopanda munthu, Asiyatu atauyala chitenje chatsopano. Anayamba kutangoyamba kuda, mababu atayatsidwa, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha.

Nyimbo inayamba ndi chigayo. Jailosi anaimirira. “Chigayo ichi ndi cha a Mpinganjira a ku Chirimba!” Mkulu wina wa jekete lalikulu anadzuka, anthu m'manja phuphuphu. Makina osokera analowa. Asiyatu anaimirira. “Awa ndi a Che Saidi, telala wa pa khonde ku Mbayani!” M'manja. Anyamata a pa Wenela atatchulidwa anaimba malikhweru okha, anthu n'kufa nazo kuseka.

Kho, kho, tswa.

Inalowa mwamphamvu, malata mpaka kunjenjemera. Anthu analeka kuseka. Ena anayamba kugwedeza mitu. Asiyatu anamukodola Dziwani ndi maso, poti wojambula anali iye. Dziwani anaimirira. Mphuno zake zinamva fungo la fumbi la mwala wotentha. Anayang'ana mpando uja, unali wopanda munthu. Anayang'ana ku chitseko.

Kunja, pamene kuwala kwa babu kunkathera, panali munthu atakhala pansi. Sanalowe. Anthu ngati amenewo salowa pamene pali mipando, amakhala pakhomo kudikira kuti wina awaitane. Chimene chinkaoneka ndi mapazi okha, otuwa ndi fumbi, zidendene zong'aluka, ndi m'mphepete mwa chitenje chofwifwa. Kwinako kunali mdima.

Dziwani anakweza maikolofoni.

“Hamala iyi,” anatero, “ndi ya mayi wina wake wa m'mbali mwa msewu.”

Hamala inaima.

Chigayo chinaima. Telala anaima. Anthu anadikira akumwetulira, poganiza kuti ndi luso. Asiyatu anayang'ana pa laputopu: nyimbo inkayenda, timagetsi tikuphethira, masipika ali oyaka. Anatembenuka kuti alankhule ndi Jailosi, milomo inagwedezeka, mawu osatuluka. Jailosi anawomba m'manja: manja anagundana, osalira. Mkulu wa chigayo anatsokomola, mapewa akugwedezeka, osamveka. Kumbuyo kwa mayi wa chiwaya kunali khanda, kukamwa kuli yasa, misozi ikutsika, koma kulira kwake kunalibe. Ndi magalimoto a mu Limbe omwe anati zii. Anthu anayamba kugwira m'makutu, kuyang'anana, maso ali tong'o. Mtsikana wina anadzuka kuti athawe, koma atayang'ana ku chitseko anakhalanso pansi.

M'chinyumba chonsecho munatsala kaphokoso kamodzi, ndipo aliyense anakamva: kalikhweru ka m'chifuwa, kulowa, kutuluka. Sikanali kaukali ayi. Kakanakhala kaukali bwenzi zili bwino. Kanali koleza mtima, ka munthu amene angadikire mpaka mawa, mpaka chaka chamawa, osadandaula.

Dziwani anaika maikolofoni pansi. Anavula chipewa. Anayamba kuyenda pakati pa mipando, ndipo nsapato zake zokha ndi zimene zinkalira pa simenti, go, go, go, anthu onse akumutsatira ndi maso. Anadutsa makolo a Asiyatu. Anadutsa azungu aja. Pofika pa chitseko anagwada, ndipo mawondo ake anagwera pa timiyala ta kwale timene panalibe pamene anthu ankalowa. Maso sanadzutse. Anayang'ana mapazi aja basi. Chala chachikulu chakumanzere chinali chopanda chikhadabo, mwala unachiphwanya iye ali Sitandade 4.

Mawu ake anatuluka osasa, koma anamveka mpaka kumapeto.

“Hamala mwaimvayo ndi ya a Elube Nachisale. Ndi mayi anga ondibereka. Sanakhalepo namwino, ankaswa miyala ku Soche. Tinawaika m'manda ku Chiradzulu mwezi wathawu.” Kenaka motsitsa, ngati kamwana kochedwa kubwera kosewera, anati, “Amayi, ndine Dziwani.”

Kalikhweru kaja kanaleka.

Ndiye m'masipika monse, pafupi kwambiri, ngati munthu wayandikitsa kukamwa pa maikolofoni, munatuluka mawu a mayi wotopa, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

“Wadya?”

Akanamutukwana, akanamutemberera, mwina akanapirira. Dziwani anagwetsa chipumi pa timiyala tija n'kulira ngati wapsa ndi moto. Ndipo kulira kwake kunatsegula zonse: khanda lija linamveka, mipando inakhuluka, wina anafuula dzina la Yesu, malole a mumsewu anabwerera. Atadzutsa mutu, pakhomo panalibe munthu.

Jailosi ndi amene anaona choyamba. Analoza ndi chala, mawu osatuluka, ulendo uno chifukwa cha mantha chabe. Pa mpando wa kutsogolo uja, pa chitenje chatsopano, panali hamala, mpini wake wokulungidwa ndi mphira wa tayala, wosalala pogwira. Akuti Dziwani atainyamula inali yofunda.

Anthu anabalalika mwakachetechete, osatsanzikana. Asiyatu anapinda mawaya onse, anatseka laputopu, kenaka anabwera n'kuima patsogolo pa Dziwani. Sanakalipe. Misozi inali m'maso.

“Unandisiya ndiime chilili pamaso pa mayi ako,” anatero. “Ndinawafunsa dzina ngati munthu wa kalembera, iwe uli pomwepo. Ndikanagwada, Dziwani. Ndikanagwada ine.”

M'mawa mwake Dziwani anakwera minibasi ya ku Chiradzulu, hamala ili m'chikwama. Anakaipereka kwa Msatida, n'kumuuza zonse, ndipo zimene Msatida anayankha ndi za pabanja pawo. Kenaka anakhala pansi pa mtengo wa mango, malume ake n'kumumeta mpala, yekhayekha, abale ake onse tsitsi litamera kale. Ana a m'mudzimo anaima patali kuonerera.

Nyimboyo ilipo mpaka pano, koma hamala mulibe. Atatuwo anasaka pa laputopu, pa fulashi, pa kamakina kojambulira, osaipeza paliponse. Chinatsala ndi kampata kaja, kafupi monga poyamba, ndipo anagwirizana kuti asakadule.

Dziwani mungakumane naye m'tauni, akujambulabe, ndipo masiku ano amagwada popempha. Mukamuitana kwanu, mumuikire chakudyacho patsogolo basi, adya. Musamufunse ngati wadya. Ine ndinaiwala tsiku lina n'kumufunsa, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anangoti zyoli, n'kutuluka panja.